Sokosi, thonje ndi siponji: mmene ndimasefera madzi amchere kuno ku Zomba

Amayi atabwera kudzationa kuchokera ku Jali mwezi wa June, anandipeza m'mawa wa Loweruka nditagwada, mutu uli m'kabati imene thanki yanga ya nsomba imakhalapo, ndikutulutsa kathumba konyowa. Kathumbako ndinakaika Lachitatu kali koyera mbee. Tsopano kanali katada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo fungo lake linkandikumbutsa padoko la Kachulu nthawi ya dzuwa. Amayi anayang'ana kathumbako, anayang'ana thanki, kenako anafunsa kuti, "Kodi zonsezi zachokera m'madzi owala ngati galasi amenewa?"

Ndinavomera. Anakhala pampando n'kumaonerera nsomba ziwiri zamizere yoyera zikupsopsonana ndi mwala. Patapita kanthawi anati, "Ndiye mukamachedwa kuchotsa, si ndiye kuti zikuwolera momwemo? Ufa tikasefa, zotsala pasefa timataya kapena kubwezera mumtondo. Palibe amene amazisiya pasefa mpaka mawa."

Ine zimenezi zinanditengera chaka chathunthu ndi imfa ya nsomba kuti ndizimvetse.

Anthu akamva kuti ndimaweta nsomba ndi makorali (nyama zooneka ngati zomera, zomamatira pamiyala) a m'nyanja yamchere kuno ku Matawale amadabwa, ndipo sindiwadzudzula. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, yapafupi ndi Indian Ocean ku Mozambique uko. Ndiponso tili ndi mbuna zathu za m'nyanja ya Malawi zimene anthu a ku Ulaya amazilimbirana. Inenso ndinayamba ndi mbuna. Thanki yamchere ya malita 150 ndinaipeza kwa bambo ena a ku Blantyre amene ankasamuka m'dziko muno, ndipo anandipatsa ndi zonse: miyala, nsomba, timakorali tofewa, magetsi ake owala mwabuluu, ndi sefa yaikulu ya canister. Aneba ena anandifunsapo chifukwa chimene sindikatungira madzi ku Chilwa poti nakonso ndi amchere. N'zoona kuti Chilwa ilibe mtsinje wotulukira ndipo madzi ake ali ndi kamchere, koma ndi wochepa kwambiri komanso ndi wamtundu wina, osanena za matope. Madzi a m'nyanja yeniyeni amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo ine ndimachita kusungunula mchere wapadera wochokera ku South Africa m'madzi amene ndawadutsitsa pa makina a RO, oyeretsa madzi pochotsa zosungunukamo. Mchere wa kukhitchini sugwira ntchito imeneyi.

M'thanki yotere, litsiro silisowa kochokera. Pali zitosi za nsomba, zakudya zimene zagwera kuseri kwa mwala, mamina amene makorali amatulutsa, ndere zimene nkhono zapala pagalasi, ndi fumbi la miyala. Zonsezi zimayandama m'madzi, zina n'kukadikha m'makona. Zikayamba kuwola zimatulutsa ammonia, amene ndi poizoni kwa nsomba. Mabakiteriya okhala m'miyala amasandutsa ammonia kukhala nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate. Nitrate sapha msanga, koma iye pamodzi ndi phosphate ndi feteleza wa ndere. Akachuluka, miyala imamera tsitsi lobiriwira ndipo makorali amafota. Kusefa kwa mabakiteriya kumeneko ndi nkhani ina, kusefa ndi makala nakonso ndi nkhani ina. Pano ndikukamba za kusefa kwamba, kumene amayi akukudziwa: madzi adutse, zinyalala zikodwe.

Chimene ndinachedwa kuzindikira n'chakuti zinyalala zokodwa pasefa zimakhala zikadali m'madzi. Madzi a m'thanki yonse amadutsa pomwepo usana ndi usiku, akubweretsa mpweya wabwino umene mabakiteriya amafuna, ndiye zinyalalazo zimawola msanga kuposa zikanakhala pansi pamchenga. Maso amaona madzi oyera, koma zonse zasungunukira momwemo. Zimachoka m'thanki pokhapokha dzanja la munthu likatulutsa sefayo.

Canister ija inali chigubu chotsekedwa ndi zomangira zinayi, m'kati muli masiponji osanjikizana. Kuti ndiitsuke ndinkayenera kutseka mapaipi, kuinyamula ili yodzaza madzi mpaka kubafa, kutsegula, kufinya masiponji, kubwezeretsa labala la pachivundikiro mosamala kuti lisadonthe, kenako kulimbana nayo kuti iyambenso kukoka madzi. Inali ntchito ya ola lathunthu. Ntchito ya ola lathunthu munthu umati ndichita Loweruka, Loweruka likafika pagwa chinkhoswe, lotsatira pagwa maliro. Panadutsa miyezi iwiri ndisanaitsegule. Nitrate ankangokwera, ine n'kumasintha madzi, mchere wodula uja n'kumatha, osadziwa kuti gwero lake lili m'kabati momwemo.

Tsiku lina mu October magetsi anazima mbandakucha, ndipo tsiku lonse sanabwere. Ndinali ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire, ndinakaika m'thanki, ndipo nsomba zinapirira kutentha konse kuja bwinobwino. Za canister sindinaziganize n'komwe. M'chigubu chotsekedwa muja munali zinyalala za miyezi iwiri ndi madzi osayenda. Mabakiteriya anamaliza mpweya wonse, kenako anayamba kugwira ntchito ena aja okonda malo opanda mpweya, amene amatulutsa hydrogen sulphide. Cha m'ma 8 koloko usiku magetsi anabwera, ana a m'mudzi wonse anakuwa mwachimwemwe, canister nayo inadzuka n'kulavulira madzi ake onse m'thanki. Pabalaza panamveka fungo la mazira osukusa. Ndikuthamangira kukazimitsa, nsomba zinali kale pamwamba zikupumira m'mwamba, makorali onse atadzikunga ngati zibakera.

Mwamwayi ndinali ndi malita 40 amene ndinasakaniza dzulo lake. Akazi anga anandigwirira tochi ndi chidebe, tinasintha madzi mpaka pakati pausiku. Nsomba ziwiri zamizere yoyera zija, za clownfish, zinapulumuka. Kansomba kena ka goby, kamene kankakhala pamchenga n'kumandiyang'ana ndikamadya, tinakapeza m'mawa kataumiratu. Kansomba kameneko kanabadwira kutali, kanapirira ulendo wautali, n'kudzafera m'manja mwanga chifukwa cha ntchito imene ndinkazengereza. Mpaka lero zimandipweteka.

Sindikunena kuti canister ndi chida choipa. Pa mbuna imagwira ntchito bwino, ndipo alipo anthu amene amasunga nayo makorali poitsuka mlungu uliwonse. Koma kwa ife amene magetsi amatha kuzima tsiku lonse, chigubu chotsekedwa chodzaza zinyalala ndi ngozi imene ikungodikira tsiku lake. Amene muli nayo, magetsi akazima kwa maola angapo izuleni pasoketi, ndipo musaiyatsenso musanataye madzi ake ndi kutsuka m'kati.

Thankiyo inali yoboola kale kumbuyo, eni ake anangotsekapo. Ndinatsegula bowolo, n'kusandutsa thanki yakale ya mbuna kukhala sump, kutanthauza thanki yachiwiri ya pansi m'kabati. Madzi amasefukira m'paipi kupita pansi, amadutsa m'zosefera, pampu n'kuwabwezera pamwamba. Ubwino wake ndi wakuti zonse zili poyera, dzanja limafika. Koma sump siifunika kudzaza. Magetsi akazima, madzi a m'mapaipi ndi a pamwamba pathanki amatsikira pansi, ndipo akasowa malo amathera pasimenti. Ndinayesa kangapo kuzimitsa pampu dala ndili pomwepo, n'kulemba mzere pagalasi posonyeza pamene madzi ayenera kulekezera.

Siponji ndinaisiya msanga. Imagwira zinyalala zikuluzikulu zokha, ndipo imabisa litsiro m'kati, kunja ikuoneka bwino. Amene alibe china, aziifinya m'madzi masiku awiri kapena atatu alionse. Ine ndinangosiya kachidutswa kamodzi pakamwa pa pampu kuti nkhono zisalowemo.

Kathumba kamene amayi anaona kaja ndi kamene timati sokosi. Imamangidwa kukamwa kwa paipi yotsikira mu sump, ndiye dontho lililonse lochokera pamwamba limadutsa m'nsalu yake. Masokosi ogula amalembedwa kukula kwa timabowo take mu micron. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ma micron 70. Ofala kwambiri ndi a 200 ndi a 100. Ya 100 imayeretsa madzi mpaka nsomba zimaoneka ngati zikuuluka mumlengalenga, koma kwa ine inkadzaza pa tsiku limodzi kapena awiri. Ya 200 imafika masiku atatu. Palinso ina ya ukonde wa nayiloni, yosavuta kutsuka pampopi, koma tinthu ting'onoting'ono timadutsa. Sokosi ikadzaza, madzi amakwera m'kati mpaka kusefukira pamlomo, choncho iyenera kupachikidwa moti osefukirawo agwere mu sump momwemo. Ndikamva phokoso la madzi lasintha usiku, ndimadziwa kuti yadzaza.

Eni thanki anandisiyira masokosi awiri okha. Awiri sakwanira, chifukwa ina ikakhala m'madzi, ina pachingwe, tsiku la mitambo umasowa yosinthira. Ndinagula nsalu yoyera yokhuthala ya poliyesitala ku Limbe, yosanyikidwa utoto, n'kupita nayo kwa telala wina pakhonde pafupi ndi msika wa Zomba. Ndinamuonetsa yakale ija. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Achimwene, imeneyi ndi yosefera thobwa?" Nditamufotokozera anaimitsa makina, anaitana mnzake wa pambali kuti adzamve nawo, ndipo anandifunsa mafunso ambiri okhudza makorali, makamaka ngati ndi mitengo kapena nyama. Ndinamuuza kuti ndi nyama. Anasoka masokosi asanu ndi atatu, msoko uli kunja monga ndinapempha kuti zinyalala zisamabisale m'mphepete, ndipo pamlomo anapinda kuti ndizilowetsamo kachingwe ka pulasitiki. Waya wachitsulo ayi, chifukwa madzi amchere amadya chitsulo, ndipo kopa ndi poizoni kwa makorali ndi nkhono. Nsalu yotere ndimaiyeza poona masiku amene imatenga kuti idzaze, ndipo yanga imayendera limodzi ndi ya 200 ija.

Kuchapa kwake kuli ndi lamulo limodzi losaphwanyika: sopo asayandikire. Ndimatembenuza sokosi kunja kukhala m'kati, kuitsukuluza pampopi, kuinyika m'ndowa ya madzi othira jiki pang'ono wopanda zonunkhiritsa, kenako kutsukuluza katatu kapena kanayi n'kuyanika padzuwa mpaka iume gwa, fungo la jiki litatheratu. Mphwanga, mwana wa alongo anga amene amakhala nafe akuphunzira sekondale, tsiku lina anapeza masokosi akuda m'ndowa, ndipo mwa mtima wake wabwino anawachapa ndi sopo waufa limodzi ndi yunifolomu yake. Anayera kuposa kale. Ndinaika imodzi osadziwa, ndipo pasanathe mphindi khumi mu sump munadzaza thovu ngati m'bafa losambitsira mwana. Ndinaichotsa msangamsanga, ndinaika makala atsopano, ndinasintha madzi, ndipo palibe chinafa. Mnyamatayo anagwetsa nkhope n'kunena kuti, "Pepani amalume, ndimafuna ndikuthandizeni." Wolakwa ndinali ine amene sindinamuuze. Kuyambira tsiku limenelo ndinamuphunzitsa ntchito yonse, ndipo ndowa ya masokosi ili ndi chizindikiro chake.

Vuto la masokosi kuno ndi nyengo ya mvula. Amene anakhalako ku Zomba mu January ndi February akudziwa mmene mtambo umatsamira paphiri masiku angapo osasuntha, zovala n'kumanunkha chinyontho pachingwe. Sokosi yokhuthala siuma. Nthawi imeneyo ndimasamukira ku thonje, lija lopanga la poliyesitala limene amaika m'mapilo. Ndinatenga kapu yaikulu ya pulasitiki, ndinaiboola pansi ndi msomali wotentha, n'kuipachika pamalo a sokosi. Ndimaikamo thonje lodzaza dzanja limodzi, osalipanikiza. Pakatha masiku awiri ndimalichotsa lili bii, n'kuika lina. Ntchito yonse siitenga mphindi imodzi, ndipo chifukwa cha kufupika kwakeko sindinaizengerezepo ngakhale tsiku limodzi. Pa zosefera zonse zimene ndayesa, thonje ndi limene ndingauze munthu woyamba kumene kuti ayambire. Lingofunika kukhala latsopano, losanunkhira mankhwala alionse. La m'mapilo a pakaunjika ayi, simudziwa kuti linachapidwa ndi chiyani, ndiponso lina amalithira mankhwala oletsa moto kapena nkhungu. Thonje lenileni la kumunda nalonso ayi, limawola m'madzi.

Chimene chimandivutitsa maganizo pa thonjeli n'chakuti ndi pulasitiki, siliwola. Ndikamadutsa pamlatho wa Likangala n'kuona majumbo atakodwa m'mabango, sindifuna kuti nanenso ndiwonjezerepo zanga. N'chifukwa chake dzuwa likangobwerera mu April ndimabwerera ku masokosi ochapa.

Anzanga a pa intaneti akunja ambiri anasamukira ku makina otchedwa roller. Ndi mpukutu wa nsalu yopyapyala wokhala ndi kamota. Nsalu ikatsekeka ndi zinyalala madzi amakwera, kachipangizo kamazindikira, kamota n'kukulunga mbali yakudayo kuitulutsa m'madzi, yoyera n'kulowa m'malo. Nzeru yake ndimaigomera, chifukwa imatulutsa yokha zinyalala m'madzi zisanawole. Koma mpukutu ukatha umafunika wina wochokera kunja, wogula ndi ndalama zakunja, ndipo umadikira munthu wobwera pa basi kuchokera ku Johannesburg. Ndalama imeneyo ine ndinaona kuti ndi bwino ipite ku batire ndi inveta zoyendetsa pampu magetsi akazima. Madzi a mbuu nsomba zimakhalamo, koma madzi osayenda amatha mpweya m'maola ochepa.

Pali chida china chimene anthu amatsutsana ngati ndi sefa kapena ayi, skimmer. Imapopera timathovu tambirimbiri m'chubu, litsiro losungunuka ndi tizinyalala tating'ono kwambiri timamatirira pa timathovuto, thovu n'kukwera mpaka kugwera m'kapu ya pamwamba. M'madzi amchere timathovu timakhalabe tating'ono osaphatikizana msanga, n'chifukwa chake chida chimenechi simuchiona kawirikawiri pa mathanki a mbuna. Zimene zimadzaza m'kapumo ndi zakuda ngati matsukwi a mowa, ndipo fungo lake akazi anga analamula kuti lizitayidwa kuchimbudzi chakunja. Ine ndimaiwerengera m'gulu la zosefera, poti zimene yagwira zimakhaladi kunja kwa madzi. Chenjezo lake ndi la magetsi lomwe lija. Akangobwera, madzi mu sump amakhala akadali pamwamba, ndipo skimmer ikayaka nthawi yomweyo imasefukira n'kubwezera nyansi zonse za m'kapu. Yanga ndimaizula magetsi akazima, n'kuiyatsa ndi dzanja madzi akabwerera pamzere.

Nditaphunzira zonsezi ndinapitirira muyeso. Ndinkasintha sokosi ya 100 tsiku lililonse, skimmer ikugwira usana ndi usiku, chakudya ndikupatsa chochepa. Nitrate anatsika mpaka osaonekanso pa choyezera, ine n'kumasangalala. Koma makorali anayamba kutuwa. A zoanthid amene anali obiriwira ngati msipu wa mu December anachepa mitu, ena osatsegukanso bwino. Makorali ambiri amasunga m'thupi mwawo tindere tosaoneka ndi maso totchedwa zooxanthellae, timene timapanga chakudya kuchokera ku kuwala n'kugawana ndi mwini nyumba. Tindere timeneti timafuna nitrate ndi phosphate pang'ono, monga chimanga chimafunira feteleza. Ndiponso makorali ali ndi pakamwa, amagwira tizilombo ndi tinyenyeswa toyandama. Zina mwa zimene ndinkazitcha zinyalala zinali ndiwo zawo.

Usiku wina ndinazimitsa magetsi onse pabalaza n'kuunika m'thanki ndi tochi. Pagalasi panali tizilombo toyera tating'ono ngati nsabwe za nkhuku tikudumphadumpha, ma copepod, ndipo pamwala pankathamanga tina topindika msana tokulirapo. Korali wina amene masana amangooneka ngati chikopa anali atatambasula timanja tonse, ndipo ndinaona ndi maso anga kanyenyeswa kakukodwa pa kadzanja kamodzi, kadzanjako n'kupindikira kukamwa pang'onopang'ono. M'mawa mwake ndinatembenuza sokosi m'beseni la madzi a m'thanki ndisanaichape, ndipo munali tizilombo tomwe tija tambiri tikusambira. Masiku onsewo ndinkatithira jiki.

Pano ndimagwiritsa ntchito ya 200 kapena ya atelala ija, kusintha kawiri pamlungu, Lachitatu ndi Loweruka. Ndisanachape ndimayamba ndapulumutsa tizilombo tija ndi sirinji n'kutibwezera mu sump. Pa nthawi ya chakudya ndimazimitsa pampu yobwezera madzi kwa mphindi 15 kuti chakudya chizungulire m'thanki, chisathamangire kusefa. Ndipo popeza sefa imangogwira zimene madzi aibweretsera, madzulo a tsiku loti mawa ndisintha sokosi ndimatenga sirinji yaikulu n'kupemerera madzi m'mabowo a miyala. Fumbi limene limatuluka mmenemo limadetsa thanki yonse kwa ola limodzi, makorali amatsegula pakamwa, zotsala sokosi imatola usiku. Loweruka ndikamasintha malita 15, ndimakoka ndi kapaipi matope amene adikha pansi pa sump.

Mwezi watha kumudzi kunagwa zovuta, ndipo tinayenera kukakhala ku Jali masiku asanu. Kale ndikanaika sokosi yatsopano n'kumapita. Ulendo uno ndinaichotseratu, madzi azingodutsa, poti sokosi ya masiku asanu ikanadzaza n'kuyamba kuwola. Mphwanga ndinamusiyira timapepala tisanu ta chakudya choyeza kale, chigubu cha madzi a RO opanda mchere oti aziwonjezera akatsika pamzere, poti chimauluka ndi madzi okha mchere umatsala, ndi malangizo a skimmer magetsi akazima. Anazilemba zonse kumapeto kwa kope lake la Biology.

Titabwerera ndinapeza madzi ali mbuu pang'ono, tinyenyeswa tikuyandama m'kuwala kwa buluu, koma nsomba zili zonenepa ndipo a zoanthid atatseguka onse. Ndinapemerera miyala, ndinaika sokosi, pofika m'mawa galasi linali ngwee. Amayi anaimba foni madzulo ake kufunsa ngati tinayenda bwino. Tisanadule anati, "Nanga kathumba kaja mwachotsa?" Ndinawauza kuti ndangokaika kumene dzulo, ndichotsa Loweruka.